Imfa ya Amy Robsart m'buku la Kenilworth

Pa 8 September 1560, ku nyumba ya Cumnor Place kufupi ndi Oxford, mai Amy Robsart adapezeka atafa m'munsi mwa makwerero, khosi litathyoka. Mwamuna wake, Robert Dudley, adali kutali ku bwalo la Mfumukazi Elizabeth, kumene anthu adali kunong'onezana kale kuti iye akhumba kukwatira mfumukaziyo. Ofufuza adagamula kuti idali ngozi, koma mphekesera sidamvere chigamulocho.

Imeneyi ndiyo nkhani imene Walter Scott adaumbira buku lake la Kenilworth, lotuluka m'chaka cha 1821. Luso lake tilivomereza. Iye ationetsa mwamuna wobisa mkazi wake kumudzi poopa kuti ukwati ukadziwika, ulemerero umthawa. Dudley wa m'bukuli sakhudza Amy ndi dzanja. Angomvera mabodza a wantchito wake Varney, nalola kuti mkaziyo aphedwe, ndipo pamene asintha maganizo, uthenga wake supulumutsa mkaziyo. Varney ayerekeza likhweru limene mwamuna ankaimba pofika, Amy athamangira kukamchingamira, nagwera m'mbuna imene adamtchera. Chomupha ndi chikondi chake chomwe, ndipo apa tiona kuti Scott adaudziwa mtima wa munthu.

Komatu sitingamuyamike pa zonse. Ukwati wa awiriwa sudali wobisika konse: udachitika poyera m'chaka cha 1550, Mfumu Edward VI alipo. Scott asunga Amy ndi moyo mpaka 1575, zaka 15 atamwalira kale, kuti akomane ndi mfumukazi pa madyerero a ku Kenilworth. Kusuntha zaka tingamkhululukire, pakuti wolemba nthano aliyense amatero. Chotivuta n'chakuti maina a Dudley, Varney ndi Forster ndi a anthu enieni, amene sangadzuke kumanda kudzadziteteza. Ndiponso zambiri zowaneneza zidafala ndi kabuku ka Leicester's Commonwealth ka 1584, kolembedwa ndi Akatolika othawira kunja, amene adali ndi zifukwa zomuda Dudley. Kuzunzika kwao sikudasandutse mphekesera kukhala umboni, ndipo Lamulo Lachisanu ndi Chitatu litchinjiriza mbiri ya mdani ndi ya womwalira yemwe.

Chikalata cha ofufuza aja chidapezeka m'chaka cha 2008. Chitchula mabala awiri a pamutu, amene munthu angawapeze pogwa, angawapezenso pomenyedwa.