Kupitikitsa Mlendo ku Masanje a pa Intaneti

Ife amene tinakulira kumudzi timakumbukira bwino masanje. Chimanga chikakololedwa, ana tinkamanga timisasa ta mapesi kuseri kwa mudzi, ndipo aliyense ankatenga mbali yake: uyu bambo, uyu mayi, uyo nyakwaŵa. Koma sipankalephera kukhala mwana mmodzi wosafunidwa ndi anzake. Ameneyo ankauzidwa kuti akhale fisi, azizungulira kunja kwa misasa namathamangitsidwa. Takumbukira zimenezi poona zochitika m'masanje ena a makono, amene achinyamata ndi akulu omwe akuchita pa intaneti.

Maseŵera ameneŵa anayambira patebulo. M'chaka cha 1974 Gary Gygax ndi Dave Arneson a ku America anatulutsa Dungeons & Dragons, seŵero limene anthu amakhala pamodzi napeka nthano imodzi, aliyense akulankhulira munthu wake wopeka. Mu 1978 Roy Trubshaw, wophunzira pa yunivesite ya Essex ku England, anayamba kukonza seŵero la mtundu womwewo la pa kompyuta lotchedwa MUD, ndipo mnzake Richard Bartle analipitiriza. World of Warcraft itatuluka mu 2004, eni ake anapatula mabwalo ena kuti akhale a anthu ofuna kuseŵera mwanthano. Lero magulu ochuluka amakumana pa Discord. Kulikonseko mwambo ndi umodzi: woseŵera amapeka mtengambali wake, nampatsa dzina, mtundu, mbiri ndi khalidwe, kenaka onse amalemba nthanoyo mosinthana. M'magulu ambiri mlendo saloŵa asanapereke kwa atsogoleri chikalata chofotokoza mtengambali wakeyo.

Pakhomo pamenepa ndi pamene pali nkhani yathu. Mlendo amabwera ndi mtsikana wamasiye amene makolo ake anaphedwa iye akuona, yemwenso ndi mwana wa mfumu wosoŵa, wa maso osintha mtundu, wodziŵa lupanga kuposa asilikali onse. Akuluakulu a gulu akangoŵerenga mizere itatu amadziŵa kale chigamulo chawo, ndipo chigamulocho chili ndi dzina: Mary Sue.

Dzinali lili ndi mbiri yake. Mu 1973 Paula Smith analemba kankhani kanthabwala kotchedwa A Trekkie's Tale m'kamagazini ka Menagerie, ka anthu okonda seŵero la pa wailesi yakanema la Star Trek. Mary Sue wa m'kankhaniko ndi msilikali wa zaka 15 ndi theka, wamng'ono mwa onse a udindo wake, amene Captain Kirk amamkonda atangomuona. Amapulumutsa akuluakulu ake, amayendetsa chombo, ndipo pomwalira onse amamlira. Smith ankaseka chizoloŵezi chimene ankachiona m'nkhani zolembedwa ndi anzake okonda seŵerolo. Koma pofika zaka za m'ma 1990 nthabwalayo inasanduka muyeso. Panabuka mindandanda ya mafunso yopereka mapointi: ngati mtengambali ali wokongola kwambiri, mapointi akuti, ngati ali ndi dzina lachilendo, akuti, akapyola malire ndiye kuti walephera. Mwamuna wotere anampezera dzina lakuti Gary Stu, komabe ndodo yaikulu inagwera atsikana. Ngakhale Rey wa mu filimu ya Star Wars ya mu 2015 anatchedwa Mary Sue ndi anthu ambiri.

Tisafulumire kunena kuti oŵeruzawo ndi ankhanza chabe. Ali ndi mfundo imene tiyenera kuivomereza. Nthano ya gulu ndi ya onse, ndipo mutu umodzi susenza denga. Mtengambali amene salasika, sagonja, ndiponso safuna thandizo la wina aliyense, amasiya anzake opanda chochita. Woseŵera amene amalemba kuti wapha kale mtengambali wa mnzake, osampatsa mpata woyankha, walanda gawo la mwini. Dziko lopeka lilinso ndi malamulo ake: munthu sangaloŵe ndi mfuti m'nthano ya mauta ndi mikondo popanda kuwononga zimene ena amanga kwa miyezi. Motero khomo lofuna mlonda lilipodi.

Pali ngakhale nthaŵi imene kupitikitsa munthu kumakhala koyenera. Mu 1990 Pavel Curtis wa ku Xerox PARC ku California anatsegula LambdaMOO, nyumba yopeka yomangidwa ndi mawu okhaokha. Mu 1993 woseŵera wina wodzitcha Mr. Bungle anagwiritsa ntchito kachipangizo kena ka m'seŵeromo kuonetsa ngati atengambali a anzake akuchita zonyansa zimene eni ake sanalembe. Anthuwo anavulazika mumtima ndithu. Gulu linasonkhana kukambirana, ndipo pambuyo pake mmodzi wa oyang'anira anafafaniza Mr. Bungle. Julian Dibbell analemba za mlanduwu m'nyuzipepala ya The Village Voice chaka chomwecho. Tikaupenda bwino, tiona kuti Mr. Bungle anachotsedwa chifukwa cha zimene anachitira anthu ena, atazichita kale, ndiponso anthu atakambirana.

Chigamulo cha Mary Sue sichiyenda motero. Chimagwa munthu asanaseŵere n'komwe, asanalakwire aliyense. Mlandu wake ndi wakuti chimene wapeka ndi chachibwana, kapena chaonedwa kambiri, kapena sichikukomera akuluakulu. Apa ndi pamene tikuona kulakwa kwa magulu ameneŵa: chilango choyenera wovulaza anzake amachipereka kwa munthu amene sanaphunzire kupeka.

Ndiponso muyeso womwewo sukhulupirika. Taonani Drizzt Do'Urden, amene R. A. Salvatore anamtulutsa mu 1988 m'buku la The Crystal Shard. Drizzt ndi wa mtundu wa drow, umene m'Dungeons & Dragons unkadziŵika kuti ndi woipa. Iye yekha anakana zoipa za abale ake nathaŵa kwawo. Ali ndi maso a mtundu wachilendo, amamenya nkhondo ndi malupanga aŵiri, ndipo amayenda ndi nyalugwe wakuda wamatsenga. Chikalata chotere chitafika pakhomo la gulu popanda dzina la Salvatore, chikadabwezedwa. Koma za Drizzt zalembedwa m'mabuku oposa 30, ndipo anthu akuŵerengabe. Mnyamata akabwera ndi drow wake wamtima wabwino amasekedwa kuti wakopera, chikhalirecho akuchita zimene wophunzira aliyense amachita, kutsanzira chimene wachikonda. Mu 2020 kampani ya Wizards of the Coast, mwini wa seŵeroli, inalengeza kuti isintha kafotokozedwe ka drow ndi orc kuti isakhalenso mitundu yoipa mwachibadwa. Lamulo limene ena anakanidwira dzulo, eni ake alisintha lero.

Chimene chimaiŵalika kwambiri ndi munthu amene ali kuseri kwa chikalatacho. Kaŵirikaŵiri mtengambali woyamba wa munthu amanyamula zimene mwini wake akusoŵa. Mwana wamanyazi amapeka ngwazi yosaopa kanthu. Wosungulumwa amapeka munthu wokondedwa ndi onse. Woponderezedwa kusukulu amapeka mfumukazi. Tsono atsogoleri akatenga chikalatacho n'kuchigaŵira anzawo kuti aseke, monga zimachitikira, amakhala akuseka njala ya mwini wake. Iye amamva bwino lomwe kuti wokanidwa ndi iyeyo. Sabweranso, ndipo gulu silidziŵa n'komwe kuti lataya munthu.

Otsala m'gulumo amatayanso kanthu. Camille Bacon-Smith, m'buku lake la Enterprising Women la mu 1992, anaonetsa kuti kuopa dzina la Mary Sue kunkafooketsa akazi ena olemba nkhani zotere, mpaka ena kuleka kulemba za akazi anzawo. Mantha omwewo timawaona m'maseŵera. Anthu amaphunzira kupeka atengambali ozizira, opanda chodabwitsa, kuti asapezeke ndi mlandu. Amawonjezera tizilema tosagwira ntchito m'nthano, monga kupsa mtima pang'ono kapena kusadziŵa kuphika, n'cholinga chongodutsa pakhomo. Gulu limakhala la mtendere, koma nthano zake zimafanana chaka ndi chaka, chifukwa mlendo amene akadabwera ndi kalumo kakuthwa anabwezedwa.

Nanga gulu lichite chiyani? Sitikunena kuti lilandire chilichonse. Tikunena kuti lisiyanitse milandu iŵiri. Wovulaza anzake, wokakamiza ena zimene sakufuna, wonyoza anthu chifukwa cha mtundu wawo, achenjezedwe, ndipo akapanda kumva achotsedwe. Koma wobwera ndi mtengambali wosapsa afunsidwe mafunso. Kodi mtsikana wakoyu amaopa chiyani? Kodi ndi chiyani chimene angataye? Kodi anzake angamthandize pati? Mafunso atatu ameneŵa amakonza atengambali ambiri kuposa mndandanda wa mapointi. Apatsidwenso mpata woseŵera kachigawo kamodzi ndi munthu wodziŵa, chifukwa khalidwe la woseŵera limaoneka poseŵera. Ambiri amene amabwera ndi mfumukazi yamphamvu amapezeka kuti ndi omvera ndi opatsa anzawo malo, pamene ena obwera ndi mlimi wamba amapezeka olanda nthano yonse.

Ngati kukana n'kosapeŵeka, kuchitikire kumbali, ndi zifukwa zomveka, ndiponso ndi mawu oonetsa kuti munthuyo angabwerenso. Malamulo a gulu alembedwe poyera, kuti mlendo asagwe m'mbuna ya miyambo yodziŵika kwa akale okha. Mlendo nayenso ali ndi udindo wake: aŵerenge malamulowo, ayambe wamvetsera m'mene anzake amaseŵerera, ndipo asaone uphungu uliwonse ngati chipongwe. Akuluakulu anati kuongola mtengo m'poyamba, koma woongola mosasamala amathyola mtengowo.

Kwa inu aŵerengi amene ana anu amachezera pa foni akulemba nthano ndi anzawo akutali, pempho lathu ndi lakuti muwafunse za atengambali awo. Mudzamva zambiri za mumtima mwawo zimene sakadakuuzani mwanjira ina. Ndipo kwa inu amene muli alonda a makomo ameneŵa, tafufuzani mtengambali wanu woyamba, ngati mudakali naye, mumŵerenge musanayankhe chikalata cha mlendo wotsatira. Mwina mudzapeza kuti nayenso anali wamasiye wa maso osintha mtundu, ndi kuti panali wina amene anaugwira mtima nakulolani kuloŵa.