MBALE YA MANIMEKALAI

Tikamva za munthu wosiya cuma ndi ukwati cifukwa ca cipembedzo, timayesa kuti wathawa anzace nakabisala kuphiri. Koma ilipo ndakatulo yakale ya Atamili, anthu a kumwera kwa India, imene itsutsa maganizo otere. Dzina lace ndi Manimekalai. Anailemba Sattanar, wotsata Buddha, ndipo inasungika pa masamba a mtengo wonga mgwalangwa kufikira U. V. Swaminatha Iyer anaisindikiza mu 1898.

Manimekalai ndiye namwali wa m'nkhaniyo. Atate wace, Kovalan, anaphedwa ku Madurai powanamizira kuti anaba cigwinjiri ca mfumukazi. Mlandu umenewo uli m'ndakatulo inzace, Silappadikaram. Namwaliyo anabadwira nchito yobvina pamaso pa akulu, ndipo mwana wa mfumu, Udayakumaran, anamfuna ndithu. Iye anakana, ngakhale mtima wace unamkokera komweko. Apa ndimtama Sattanar, pakuti sanatipatse woyera wamwala, koma mwana wamkazi wolimbana ndi cikondi cace.

Atasiya zonse analandira mbale yosatha cakudya. Sanapite nayo kuthengo iai. Analowa m'mudzi wa Puhar nadyetsa akhungu, opunduka ndi amasiye, nafika ndi m'ndende momwe, kufikira mfumu inasandutsa ndendeyo nyumba yacifundo. Pambuyo pace anamuka ku Kanchi kumene mvula inakanika, nadyetsa anthu komweko. Ife odutsa pa Kanengo, poona nkhokwe zazitali zija, tikumbukira njala ya 2002, imene inatipeza cimanga cosungidwa citagulitsidwa kale. Cotero nkhani ya mbale sitiimva ngati nthano ya ana.

Komatu colakwa ciripo. Ndakatuloyi iri ndi zigawo 30, ndipo m'zigawo zotsiriza mlembi aiwala anthu ace. Namwali angokhala pansi kumvera aphunzitsi a zipembedzo zosiyanasiyana ku Vanji, kenaka nkhalamba Aravana imuwerengera ziphunzitso cimodzicimodzi, monga mwana wa sukulu poyandikira mayeso. Anzeru ofufuza zakale akondwera nazo zigawozi, cifukwa zionetsa zimene Atamili anali kukangana masiku amenewo. Koma ine ndikafika pamenepo ndiyamba kuodzera. Sattanar anali atatiphunzitsa kale pa khomo la ndende, pamene omangidwa anatambasula manja ao. Zotsatirazo ziri ngati mlaliki wosadziwa kuleka, nsima irikuzizira m'nyumba.