Buku ndi Zipatso: Chithunzi cha ku Scone Palace

M'nyumba zazikulu zakale za mabwana a ku Britain, zimene anazimanga kutali ndi mizinda pakati pa minda yawo, makoma ngodzala ndi zithunzi za madona zopakidwa ndi utoto wa mafuta. Zambiri mwa izo zingonena mawu amodzi, akuti banja ili nlolemera ndiponso nlakale. Koma chilipo china ku Scone Palace, m'dziko la Scotland, chimene ife aphunzitsi tiyenera kuchipenyetsetsa.

Chithunzichi chinajambulidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1770, ndipo mu 2018 akatswiri anapeza kuti mmisiri wake anali David Martin. Pali asungwana awiri. Wina ndiye Lady Elizabeth Murray, mzungu. Winayo ndiye mbale wake, Dido Elizabeth Belle (1761–1804), mwana wa Sir John Lindsay, kapitao wa sitima yankhondo, amene anambala mwa kapolo wachikuda, Maria Belle. Onse awiri analeredwa ku Kenwood House, pafupi ndi London, ndi Lord Mansfield, woweruza wamkulu uja amene mu 1772 anagamula kuti kapolo James Somerset asachotsedwe ku England mokakamiza.

Mmisiriyo ayenera kuyamikidwa. Masiku amenewo munthu wakuda pa chithunzi kawirikawiri ankaima pambuyo, kapena kugwada, maso ali pa dona wake. Koma apa Dido wavala silika ndi mkanda wa ngale, alikutiyang'ana ife ndi kumwetulira, ndipo Elizabeth wamgwira monga mnzake.

Komatu taonani zili m'manja mwawo. Elizabeth wakhala pampando ndi buku. Dido ali chilili ngati wotumidwa, wanyamula zipatso, kumutu nduwira ya nthenga yomsonyeza kuti ndi mlendo. Chikhalirecho Dido ankadziwa kuwerenga ndi kulemba, ndipo ankathandiza Lord Mansfield pa makalata ake. Nanga buku lake lili kuti? Apa ndi pamene mmisiri anagonjera mwambo wa nthawi yake, ndipo sitizizwa kuti mibadwo yapambuyo inaiwala dzina la Dido, nimuyesa wantchito.

Tsono inu amene mudzaima pamaso pa ana, kumbukirani kuti chithunzi chili ngati mboni pabwalo: chinena zoona, koma sichinena zonse. Mukachipachika pakhoma musangofunsa kuti, "Mulikuona chiyani?" Funsaninso kuti, "Wakhala ndani, waima ndani, ndipo buku wapatsidwa ndani?"