Makina Ochapira ndi Manja a Amayi

Ku America kuli anthu okonda kusonkhanitsa makina akale ochapira zovala, aja otsekula pamwamba, okhala ndi chovundulira pakati chimene chimatakasa zovala monga mthiko mumphika. Kampani ya Maytag inatchukitsa chovundulirachi m'chaka cha 1922, ndipo Lee Maxwell wa ku Eaton, m'chigawo cha Colorado, anasonkhanitsa makina ochapira oposa 1,000.

Tiwayamikire pa ichi: amakonza chakale m'malo mochitaya, monga Papa Francis anatilangizira m'kalata yake ya Laudato Si' m'chaka cha 2015. Komabe chikondi chotere chimatsimphina. Chovundulira anachipanga kuti chipumitse msana wa munthu. Tikangochisirira ngati chokongoletsa, wochapayo tamuiwala.

Nanga ife kuno ku Mughese, m'mapiri a Misuku? Amayi ambiri amachapa pamwala, m'madzi ozizira otsika m'nkhalango, atatopa kale kumunda wa khofi. Pa Misa ya Lamulungu timavala zoyera osaganizako za manja amene anazichapa. Abambo ndi anyamata, tisadikire makina. Kutunga madzi ndi kusenza mtolo wa zovala tingayambe lero lomwe.