Phulusa la Mwana M'chikwama cha Bambo Wake

Filimu yotchedwa The Way, imene Emilio Estevez anaitulutsa m'chaka cha 2010, ikusimba za Tom Avery, dokotala wa maso wa ku California, amene analandira uthenga wakuti mwana wake Daniel wafera m'mapiri a Pyrenees, atangoyamba kumene ulendo wapansi wopita ku Santiago de Compostela. Bamboyo anakwera ndege kunka ku France kuti akatenge maliro. Koma atafika m'tauni ya Saint-Jean-Pied-de-Port analola kuti mtembo utenthedwe, naika phulusa m'kabokosi, nabereka chikwama cha mwanayo, nayamba kuyenda mtunda wa makilomita pafupifupi 800 umene malemuyo sanautsirize. Wosewera ngati Tom ndi Martin Sheen, bambo wake weniweni wa Estevez, ndipo Estevez mwini wake ndiye Daniel.

Tiyambe ndi chimene filimuyi yachita bwino. Masiku ano kuyenda ndi phulusa la munthu sikuvuta. Makampani ambiri a ndege amalola kuti mwini maliro alowe nalo m'ndege, malinga ngati ali ndi chikalata cha imfa ndi china chochitira umboni kuti mtembo unatenthedwa. Kabokosiko kamadutsa pa makina ounikira katundu pamodzi ndi malamba ndi nsapato, ndipo n'chapafupi kuiwala kuti muli munthu wobatizidwa. Estevez satilola kuiwala zimenezi. Chikwama chitagwera mumtsinje, Tom adziponya m'madzi kuchilondola. Mnyamata wina atachiba mumzinda wa Burgos, nkhalambayo ithamanga m'makwalala ngati munthu wolandidwa mwana wamoyo. Kwa Tom phulusalo ndi Daniel, ndipo pamenepa filimuyi ikugwirizana kwathunthu ndi chikhulupiriro chathu pa ulemu woyenera thupi la munthu.

Pamene tikusiyana nayo ndi pa mathero a ulendowo. Tom amka nasiya phulusa pang'onopang'ono m'mbali mwa njira, ndipo lotsala akalimwaza kunyanja, pa matanthwe a ku Muxía. Zithunzi zake n'zokongola, ndipo woonera amatuluka mtima uli m'malo. Koma tiyeni tifunse: kodi njira imene Tom wayendayo inabadwa bwanji? Inabadwa chifukwa cha manda. Kuyambira zaka za m'ma 800, akhristu akhala akupondaponda njirayo kuti akagwade pamalo amene mwambo wa Eklezia umati pagona Yakobe Woyera, mtumwi. Mafupa a mtumwiyo akadamwazidwa, bwenzi palibe Santiago, palibenso njira. Tsono bambo uyu wayenda masabata ambiri kulinga ku manda a munthu wina, pamene mwana wake wammana manda. Filimuyi siliona vuto limeneli, ndipo ndipo pagona kufooka kwake.

Eklezia saletsa kutentha mtembo. Chiletso chakale chinafewetsedwa mu 1963, ndipo buku la malamulo a Eklezia la 1983, pa lamulo 1176, likulola mchitidwewu ngati sunasankhidwe pofuna kutsutsa chiphunzitso chachikhristu, ngakhale likulimbikitsabe kuika thupi m'manda. Mu 2016 chikalata cha ku Roma chotchedwa Ad resurgendum cum Christo chinalamula kuti phulusa lizisungidwa pamalo opatulika, monga kumanda kapena m'tchalitchi, ndi kuti lisamwazidwe mumlengalenga, pamtunda kapena panyanja, ndiponso lisagawidwe pakati pa abale. Mu Disembala 2023, poyankha Kadinala Matteo Zuppi wa ku Bologna, Roma anavomera kuti akulu a Eklezia angathe kuloleza banja kusunga kaphulusa kochepa pamalo amene anali ofunika pa moyo wa malemu. Zikalata ziwiri zotsirizazi zinatuluka filimuyi itapangidwa kale, choncho sitikumzenga mlandu Estevez. Tikungoyeza nzeru yake.

Wina anganene kuti Mulungu amene analenga munthu ndi dothi sangalephere kuukitsa phulusa la m'nyanja. Zimenezo n'zoona, ndipo Eklezia amaphunzitsa chomwecho. Manda sathandiza Mulungu, amathandiza ife otsala. Amasunga dzina la malemu pakati pa mpingo, kuti ngakhale amene sanamdziwe ampempherere. Daniel sanali wa bambo wake yekha. Anali ndi abwenzi, analinso chiwalo cha Eklezia. Tom akadzatsikira kulichete, adzadziwa ndani malo amene anasiya mwana wake? Malembo Oyera akutipatsa chitsanzo china. Mose ananyamula mafupa a Yosefe potuluka m'dziko la Ejipito, ndipo Aisraele anayenda nawo zaka 40 m'chipululu, koma potsiriza anawaika m'manda ku Sekemu. Kuyenda ndi wakufa sikulakwa, malinga ngati ulendowo uli ndi kofikira.

Nkhaniyi isaoneke ngati ya kutali. Abale athu akumwalira ku Johannesburg ndi ku London, ndipo kubweretsa mtembo pa ndege kumadya ndalama zambiri. Tsiku lina wansembe adzalandira mayi wamasiye atanyamula kabokosi m'manja, pamudzi pamene adzukulu sanaikepo phulusa chikhalire. Mayi ameneyo asadzudzulidwe, pakuti sanachimwe. Alandiridwe ndi ulemu umene Tom anali nawo pa chikwama chija, mapemphero a maliro achitike, kenaka dzenje likumbidwe pakati pa makolo a malemu, ndipo pazikidwe mtanda wolembedwa dzina lake. Aseminale aione filimuyi, pakuti ikuphunzitsa bwino za chisoni cha kholo. Koma akaiona adzifunse kuti akadakhala pa matanthwe a ku Muxía tsiku limenelo, akadamuuza chiyani Tom asanatsekule kabokosi kaja.