Limba Lopanda Mapapo: Tiliyeze ndi Muyezo Uti?

M'chaka cha 1937, m'tchalitchi cha pa University of Chicago ku America munachitika mayeso achilendo. Boma linkafuna kudziwa ngati kampani ya Laurens Hammond inkanena zoona potsatsa malonda kuti limba lake la magetsi, lomwe linatuluka mu 1935, likufanana ndi limba la mapaipi. Anasonkhanitsa akatswiri a nyimbo pamodzi ndi anthu wamba, n'kuwayimbira mosinthanasinthana limba la Hammond la madola pafupifupi 2,600 ndi limba la mapaipi la Skinner la madola 75,000. Omverawo anasokonezeka kangapo konse. Komabe mu 1938 boma linaletsa Hammond kunena kuti malimba awiriwa ndi ofanana.

Kuyambira pamenepo mkanganowu wakhala ukuzungulira pa funso limodzi: kodi khutu lingasiyanitse? Funso limeneli limatisocheretsa. Limba siliikidwa m'tchalitchi kuti lizinamiza makutu. Ntchito yake ndi kunyamula mpingo ukamayimba, ndipo m'nyumba ntchito yake ndi kusula woyimba. Limba la digito, lomwe latenga malo a malimba akale a magetsi, tiliyeze ndi muyezo umenewu.

Tiyambe taona chimene likutsanzira. Limba la mapaipi ndi khamu la zitoliro zoyimikidwa pa bokosi la mphepo. Kale mphepoyo ankaipopa anthu ndi mivukuto. Lero imapopedwa ndi injini ya magetsi. Paipi iliyonse ili ndi liwu limodzi lokha, choncho mtundu umodzi wa mawu, kaya onga a chitoliro kaya onga a lipenga, umafuna mapaipi 61, imodzi pa kiyi iliyonse. Woyimba amasankha mitundu ya mawuyi pokoka timabatani totchedwa masitopu. Sitopu yolembedwa 8 imalira pa msinkhu wa mawu wamba, ya 4 imakwera okitevu imodzi, ya 16 imatsika okitevu imodzi. Ya 32, yomwe paipi yake yaikulu imatalika pafupifupi mamita 10, imamveka m'chifuwa ndi m'mabenchi kuposa m'khutu. Limba lalikulu la ku Notre-Dame ku Paris lili ndi mapaipi pafupifupi 8,000.

Kukoma kwa limba lotere kwagona m'tinthu tating'onoting'ono. Paipi siyamba kulira mwadzidzidzi: mphepo ikalowa pamamveka kaphokoso kakafupi, kenako liwu limakhazikika. Woyimba akadinda makiyi ambiri nthawi imodzi, mphepo imachepa pang'ono ndipo mawu onse amagwedezeka limodzi. Kunja kukatentha, mapaipi ena amakwera mawu pamene ena sasuntha kwenikweni. Komanso paipi iliyonse ili pamalo akeake, ina kutsogolo, ina pakona, ina pafupi ndi denga, moti mawu amakakumana m'malere asanafike kwa womvera. Mmisiri amatha milungu ali m'tchalitchimo, akukonza milomo ya mapaipi imodziimodzi mpaka iliyonse igwirizane ndi makoma a nyumbayo. Amene ankamudziwa Johann Sebastian Bach anasimba kuti akaitanidwa kukayesa limba latsopano, ankayamba ndi kukoka masitopu onse kuti amve ngati lili ndi mapapo amphamvu.

Limba la digito mapapo lilibe. Loyamba kugulitsidwa linatuluka mu 1971 ku kampani ya Allen ya ku Pennsylvania, ndipo lero akupanganso malimba otere ndi Rodgers, Johannus ya ku Netherlands ndi Viscount ya ku Italy. Njira zopangira mawu zilipo ziwiri. Yoyamba ndi yojambula: akatswiri amapita ndi mamaikolofoni ku limba lenileni, n'kujambula paipi iliyonse payokha, kuyambira pomwe ikuyamba kulira mpaka pomwe liwu lake lazilala. Pulogalamu ya kompyuta ya Hauptwerk, yomwe Martin Dyde anaitulutsa mu 2002, inafikitsa njirayi patali, ndipo palinso ina yaulere yotchedwa GrandOrgue. Njira yachiwiri ndi yowerengera: makina sasunga mawu ojambulidwa, koma amachita masamu a momwe mphepo ikanayendera m'paipi ya msinkhu wakutiwakuti, n'kupanga liwulo nthawi yomweyo. Viscount imagwiritsa njirayi m'malimba ake otchedwa Physis.

Njira iliyonse ili ndi mphamvu yake ndi chilema chake. Mawu ojambulidwa amakhala ndi fungo lenileni la limba lomwe anachokera, koma nthawi zambiri amabwera atanyamula kulira kwa nyumba yomwe anawajambuliramo. Pa mahedifoni zimenezi zimakoma kwambiri. Mukawathira m'tchalitchi chomwe chili kale ndi kulira kwakekwake, nyumba ziwiri zimalimbana ndipo nyimbo imasanduka matope. Mawu owerengera amasinthika mosavuta kuti agwirizane ndi chipinda, koma ubwino wake umathera pomwe nzeru za wolemba masamuwo zinathera.

Chilema chachikulu, komabe, sichili mu kompyuta. Chili m'masipika. Limba laling'ono la masitopu khumi lili ndi mapaipi oposa 600, kutanthauza pakamwa 600. Mawu onsewo akapanikizidwa kuti atulukire m'masipika awiri, amasakanikirana m'mawaya asanaone mphepo. Sitopu imodzi yofatsa imamveka bwino ndithu, koma woyimba akakoka masitopu onse pa ndime yomaliza, mawu amauma, amabaya m'makutu, ndipo m'malo mokuta mpingo amaukankha. N'chifukwa chake malimba a digito abwino amagawa mawu m'masipika ambiri, ena oyang'ana kukhoma kapena kudenga kuti mawu amwazike, ndi ena aakulu onyamula mawu a pansi. Nyumba ya tchalitchi ndi mbali ya limba, monga momwe madende omangiriridwa kunsi kwa valimba ali mbali ya valimbayo. Mpingo ukagula limba lodula n'kulilumikiza ku masipika omwewo amene abusa amalalikirira, wataya ndalama zake. Limba la masitopu 20 lokhala ndi masipika okwanira, lochunidwa ndi katswiri m'tchalitchi momwemo, limaposa la masitopu 60 lolira m'mabokosi awiri.

Chilema chachiwiri ndi moyo waufupi. Ku Sion m'dziko la Switzerland, m'tchalitchi cha Valère, muli limba la mapaipi lomwe linamangidwa cha m'ma 1430 ndipo likuyimbabe. Matabwa, zikopa ndi zitsulo zimakonzeka ndi manja a mmisiri aliyense wodziwa ntchito. Moto utabuka ku Notre-Dame pa 15 April 2019, fumbi la mtovu linalowa m'limba lonse. Amisiri analiphwasula, n'kulitsuka paipi imodziimodzi, ndipo linalira pa mwambo wotsegulanso tchalitchicho mu December 2024. Limba la digito likadutsa zaka 20 kapena 30, tizipangizo ta m'kati mwake timayamba kusowa pamsika. Mpingo wa Trinity Church ku Wall Street mumzinda wa New York, limba lake litawonongeka ndi fumbi la nyumba zosanja zomwe zigawenga zinagwetsa pa 11 September 2001, unaika limba la digito lapamwamba la Marshall & Ogletree mu 2003. Linatumikira bwino zaka zoposa khumi, koma pokonzanso tchalitchicho mpingo unasankha kumanga la mapaipi latsopano. Amene angathe amabwerera ku mphepo.

Koma ndi mipingo ingati ingathe? Apa ndi pamene limba la digito liyenera kulandira ulemu wake mosanyinyirika. Limba la mapaipi limafuna ndalama zochuluka polimanga, malo aakulu, ndi mmisiri wolichuna chaka ndi chaka. Kwathu kuno amisiri oterewa ndi osowa, pamene chiswe, makoswe, fumbi la m'chilimwe ndi chinyezi cha m'dzinja sizisowa. Limba la digito silisowa kuchunidwa kukatentha kapena kukazizira, limadya magetsi ochepa moti sola kapena jenereta yaing'ono imalikwanira, ndipo limakwana pakona. Chomwe limaopa ndi magetsi obwera mwamphamvu akakhala kuti anathima, choncho kachipangizo kolitchinjiriza kagulidwe tsiku lomwelo. Ngakhale Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, womwe mu 1963 unapatsa limba la mapaipi ulemu waukulu m'chipembedzo cha Akatolika, unasiya khomo lotsegula kwa zoyimbira zina zoyenera.

M'nyumba ndiye palibe mpikisano. Luso la limba limafuna manja awiri pa mizere iwiri kapena itatu ya makiyi, ndi mapazi awiri pa makiyi aakulu apansi okwana 30 kapena 32. Mapazi saphunzira ndi kuwerenga buku. Kale wophunzira ankadikira kuti tchalitchi chikhale chopanda anthu ndi kuti wosunga makiyi a chitseko amulole. Lero mwana wa sukulu akhoza kuvala mahedifoni usiku, osadzutsa aliyense, n'kubwereza mzere umodzi mpaka mapazi auloweza. Akhoza kuyimba nyimbo za Bach ndi mawu a limba la ku Germany, kenako nyimbo za Widor ndi mawu a limba la ku France lomangidwa ndi Cavaillé-Coll, n'kumva ndi khutu lake chifukwa chomwe nyimbo iliyonse inalembedwera limba la kwawo. Pali chimodzi chomwe makiyi a digito saphunzitsa mokwanira. Pa limba la mapaipi lomwe kiyi imalumikizidwa ku paipi ndi timitengo, chala chimamva pomwe kachitseko ka mphepo kakutsegukira, ndipo woyimba amatha kufewetsa kapena kukhwimitsa chiyambi cha liwu. Wophunzira aliyense akapeza mwayi wokhala pa limba lenileni, asautaye.

Tsopano tifike pa mtima wa nkhaniyi, amene ndi munthu wokhala pa benchi. M'matchalitchi ambiri kiyibodi yalowa m'malo mwa limba, ndipo yabwera ndi biti yodziyimba yokha. Biti ili ndi malo ake m'makwaya ndi m'makorasi, monganso ng'oma, maseche ndi m'manja zili ndi malo ake omwe limba lisamalande. Koma nyimbo za mawu anayi, zonga zambiri za m'buku la Nyimbo za Mulungu, zimafuna woyimba amene amapuma pamodzi ndi mpingo. Makina a biti sadikira agogo kuti akoke mpweya kumapeto kwa mzere. Woyimba limba waluso amapereka liwiro la nyimbo m'mawu oyamba, amanyamula manja pomwe mpingo ukupuma, amatsogolera azibambo a besi ndi mapazi ake, amachepetsa masitopu pa ndime yolapa ndi kuwawonjezera pa ndime yotamanda. Pa maliro amadziwa kusiya ndime yathunthu kuti anthu ayimbe okha. Zonsezi zimatheka pa limba la digito lokhala ndi makiyi apansi, ndipo palibe chimodzi chomwe chimatheka popanda munthu wophunzitsidwa.

Mbiri ya Hammond ili ndi phunziro lomaliza. Limbali silinafanane konse ndi la mapaipi, koma litalowa m'matchalitchi a anthu akuda a ku America, n'kukumana ndi sipika yozungulira yomwe Donald Leslie anapanga, linapeza liwu lakelake, lomwe limayankha mlaliki ndi kulira pamodzi ndi kwaya. Jimmy Smith analitengera ku nyimbo za jazz. Linakula pamene oyimba analeka kulifunsa ngati likufanana ndi lina, n'kuyamba kulifunsa chomwe lingachite m'manja mwawo.

Chigamulo changa n'chakuti limba la digito si mnzake wa limba la mapaipi pa kuzama kwa mawu ngakhale pa kukhalitsa, koma ndi chida choona komanso choyenera kwa nyumba iliyonse ya wophunzira ndi kwa mipingo yochuluka. Mpingo umene uli ndi limba la mapaipi, ngakhale lodwala, uyambe waitana mmisiri usanaganize zolitaya. Mpingo umene ulibe usadikire chuma chomwe sichidzabwera: ugule la digito la makiyi apansi, ulimvere m'tchalitchi mwake muli anthu usanalipire, ndipo usaumire pa masipika. Inu akulu a mpingo ndi a komiti ya zoyimba, pa ndalama zomwe mwasonkha patulaniponi gawo lophunzitsira achinyamata awiri kapena atatu, ndipo muwapatse nthawi yoyeserera mkati mwa sabata.