Dzanja losaoneka m'nyumba ya Big Brother

Mu Ogasiti 2003, aphungu a Nyumba ya Malamulo ku Malawi anagwirizana kuti wailesi ya kanema ya TVM ileke kuonetsa Big Brother Africa. Anati pulogalamuyi ikuononga chikhalidwe komanso ikuphunzitsa ana zolaula. Sipanapite nthawi, Khoti Lalikulu linachotsa chiletsocho, anthu n'kupitiriza kuonera mpaka Cherise Makubale wa ku Zambia anapambana madola 100,000 atakhala m'nyumbamo masiku 106. Aphunguwo anali ndi chifukwa chodera nkhawa. Kungoti maso awo anakakamira pa bafa ndi pa bedi, pamene chimene chimagwira mtima wa mwana wa zaka 15 ndi luso la anthu amene saoneka n'komwe pa kanemapo.

Ganizo la pulogalamuyi linachokera kwa John de Mol wa ku Netherlands, komwe inayamba kuonetsedwa mu 1999. Mumatenga anthu osadziwana, n'kuwatsekera m'nyumba yopanda foni, nyuzipepala kapena wailesi, makamera akuwalondola usana ndi usiku, ndipo oonera amavota kuti atsale ndani. Okonza amati palibe sewero lolembedwa. Akunena zoona: palibe amene amaloweza mawu. Komabe nkhani imalembedwa ndithu, ndipo kulembako kumayamba pa tsiku losankha olowa m'nyumba. Safuna anthu ofatsa okhaokha. Amafuna waukali mmodzi, wokonda kuseketsa, wokongola amene anyamata awiri angamulimbirane, ndi wina wopemphera amene angakhumudwe nazo zonsezi. Akawaika pamodzi, n'kuchepetsa chakudya mlungu umene alephera ntchito imene Biggie, mwini liwu lolamulira m'nyumbamo, anawapatsa, n'kubweretsa mowa Loweruka usiku, mkangano sungalephere kubuka.

Pa Big Brother Africa anawonjezera nzeru ina imene ndimaigomera. Mu 2003 analowetsa anthu 12 ochokera m'mayiko 12, ndipo Malawi anatumiza Zein Dudha. Kuvota kunasanduka nkhani ya mbendera. Code Sangala atalowa mu 2007, kapena Hazel Warren atafika pa nambala yachiwiri mu 2008, ambiri amene ankavota sankafunsa ngati munthuyo wachita bwino mlungu umenewo. Ankati ndi wathu, tisachititse dziko manyazi. Apa okonza anapeza njira yokopera ngakhale makolo amene poyamba ankanyansidwa nayo pulogalamuyi.

Koma luso lenileni lili m'chipinda chodulira ndi kulumikiza zithunzi. Tsiku limodzi la m'nyumba muja ndi maola 24, ndipo makamera ambirimbiri amajambula nthawi imodzi. Nthawi yambiri palibe chimene chimachitika: wina akutsuka mbale, wina ali mtulo, wina akungoyang'ana kudenga. Pulogalamu yachidule ya madzulo imatola mphindi zochepa pa zonsezi. Wina wake ndiye amasankha kuti mphindi zake zikhale ziti, ndiponso kuti iti itsatane ndi iti. Ngakhale pa tchanelo choonetsa tsiku lonse, pali munthu amene amalamula kuti tsopano tione kamera ya kukhitchini osati ya kuchipinda.

Zaka pafupifupi 100 zapitazo, katswiri wa mafilimu wa ku Russia, Lev Kuleshov, anasonyeza mphamvu ya kulumikizaku. Anatenga chithunzi chimodzi cha nkhope ya mwamuna yosaonetsa chilichonse, n'kuchiika pafupi ndi mbale ya supu, kenako pafupi ndi bokosi la maliro, kenako pafupi ndi mkazi. Oonera anaona njala, kenako chisoni, kenako chilakolako, pamene nkhope inali yomweyo. Mkonzi wa Big Brother amachita zimenezi tsiku ndi tsiku. Mtsikana akangotsinzina chifukwa cha kutopa, chithunzicho chikaikidwa pambuyo pa mnzake amene akuseka ndi mnyamata, ife timaona nsanje. Akawonjezera kanyimbo kochititsa nthumanzi, timaona chidani. Mwina mtsikanayo anatsinzina ola lina, pa nkhani ina.

Apa m'pamene wachinyamata amakodwa. Mwana woonera Tikuferanji ankadziwa kuti Manganya ndi Michael Usi akusewera, ndipo sewero likatha, zatha. Big Brother imamuuza kuti zimene akuona ndi moyo weniweni wa anthu enieni, okhala ndi mayina awo enieni. Sakhala ndi chifukwa chokayikira. Ndiye amatenga zimene mkonzi wasankha ngati mmene akuluakulu amakhalira akakhala paokha. Ndipo zimene mkonzi amasankha n'zodziwika: wolalata amaoneka nthawi yaitali, wodekha amazimiririka mpaka oonera amati "ameneyu ngwotopetsa" n'kusiya kumuvotera. Mwana wa Fomu 2 safunikira womumasulira kuti kufatsa kulibe malipiro.

Chimene chimandidetsa nkhawa koposa ndi chipinda chotchedwa Diary Room. Monga luso, n'chapamwamba zedi. Chimapatsa oonera mwayi womva zamumtima mwa munthu zimene anzake a m'nyumba sakuzidziwa, monga mmene wosewera pa siteji amatembenukira kwa anthu n'kuwanong'oneza chinsinsi. Koma taonani zimene zimachitika mmenemo. Munthu amadya ndi mnzake mbale imodzi, kuseka naye, mwina kumukumbatira akulira. Pakapita kanthawi amalowa m'chipindamo n'kutchula dzina la yemweyo kuti atuluke. Lamulo la masewerawa ndilo limamukakamiza kutero, ndipo wochita zimenezi mwaukadaulo amatamandidwa kuti akudziwa kusewera gemu. Wachinyamata amene ubwenzi ndiwo nkhani yaikulu pa moyo wake amaonerera izi mlungu ndi mlungu kwa miyezi itatu. Ine ndikuona kuti phunziro limeneli limalowa mozama kuposa thupi lililonse limene angalione likusamba, chifukwa zamaliseche amadziwa kale kuti n'zoletsedwa, pamene chinyengo chikubwera chitavala dzina la nzeru.

Sindikunena kuti zonse n'zoipa. Mu 2003 achinyamata ambiri anamva koyamba munthu wa ku Uganda akutsutsana ndi wa ku Angola pa za chikondi, chakudya ndi Edzi, popanda nduna kapena mtolankhani pakati. Cherise anakondedwa chifukwa chophika ndi kusamala anzake, umboni woti oonera nthawi zina amakana zimene mkonzi wawatchera.

Big Brother Africa inatha mu 2014 pamene Idris Sultan wa ku Tanzania anapambana, koma Big Brother Naija ikupitirira, ndipo zinthu zafika povuta kuposa kale. Pulogalamuyi ndi ya anthu a zaka 18 kupita m'tsogolo, koma ana safunikiranso dikoda ya DStv. Tizidutswa ta masekondi ochepa timawapeza pa foni kudzera pa TikTok, Facebook ndi WhatsApp, titadulidwanso kachiwiri ndi munthu wosadziwika amene akungofuna kuti ambiri adine. Zotsala ndi mbama, misozi ndi kupsompsonana, popanda chimene chinayambitsa. Ndipo mwana yemweyo ali ndi kamera m'thumba, akuphunzira kudzijambula, kudzidula ndi kuwerenga amene amukonda.

Chiletso chinalephera kale mu 2003, ndipo lero sichingatheke n'komwe. Inu aphunzitsi a Chichewa ndi Chingerezi amene mumaphunzitsa ana kufunsa kuti wolemba nthano anasankhiranji mawu akuti, tengani kachidutswa kamodzi ka pulogalamu yotere m'kalasi. Afunseni kuti kamera inali pati, chadulidwa n'chiyani, nyimbo yalowa pa mphindi iti, ndipo ndani akupindula iwo akakwiya. Makolo nanunso, musanazimitse kanema, khalani pansi muonere limodzi ndi mwanayo, mumufunse mafunso omwewa.